Phesi la Lufina

Lufina anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kwawo kunali ku Biriwiri, pamwamba pa phiri. Bambo ake ankamanga nyumba yatsopano kumunsi, pafupi ndi msewu. Kumeneko mayi ake azikagulitsa kabichi ndi tomato.

Lufina ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kusamuka ndi kabati.

Kabatiyo inali yaikulu. Inali yonenepa. Inali ndi kalilole pachitseko. Agogo ake aamuna, bambo a mayi ake, anabwera nayo kuchokera ku Joni. Anaigula akugwira ntchito kumigodi. Agogowo anamwalira. Koma dzina lawo linatsala m'kati mwa chitseko. Analilemba okha ndi msomali: Fanizo.

M'mawa uliwonse Amayi ankaipukuta kabatiyo. M'mawa uliwonse Lufina ankaima pakalilole. Ankawerenga mano ake oguluka.

Tsiku lina Ababa anati, "Chimene sichilowa pakhomo latsopano chitsala kuno. Kabati singagone panja. Mvula ingaiwononge."

Amayi anasisita kabatiyo. Lufina anawayang'ana. Maso a Amayi anali ndi misozi.

"Musadandaule, amake Lufina," anatero Ababa. "Ndiiyeza ndekha."

Ababa anatambasula chikhatho. Chikhatho chawo chinali chachikulu ngati khasu. Anayeza kunenepa kwa kabati.

"Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi. Zikhatho zinayi basi."

Ababa anatsika phiri. Anapita kwa a Cyprian, amisiri omanga nyumbayo.

"Khomo likhale zikhatho zinayi," anatero Ababa.

"Zinayi, ndamva," anayankha a Cyprian.

M'mawa mwake Amayi anatuma Lufina. Anamutuma kukapereka thobwa kwa amisiri. Lufina anasenza botolo. Anatsika phiri.

Anapeza khoma lafika m'chiuno. Njerwa zinali zofiira. Matope anali asanaume. Lufina anaima pakhomo. Analiyang'ana. Analiyang'ananso. Khomolo linkaoneka lowonda.

A Cyprian analandira thobwa. Anagwira kapu ndi manja awiri. Lufina anaona zikhatho zawo. Zinali zazing'ono. Koma Ababa akagwira kapu yomweyo, kapu yonse imabisika.

Lufina anayang'ananso khomo lija.

"A Cyprian," anatero Lufina, "khomoli mwayeza ndi chiyani?"

"Ndi chikhatho changachi, mwanawe. Taona. Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi."

"Koma likuoneka lowonda."

A Cyprian anaseka. "Ine ndinayamba kumanga iwe usanabadwe. Zinayi ndi zinayi."

Lufina anapita kwa Ababa. Ababa ankaponda matope kuseri kwa nyumba.

"Ababa, khomo lija lachepa."

"A Cyprian ayeza zingati?"

"Zinayi."

"Nanga ine ndinayeza zingati?"

"Zinayi."

"Ndiye vuto lili pati? Zinayi ndi zinayi. Pita ukasewere."

Ha, akuluakulu akagwirizana, kuwatembenuza ndi ntchito. Koma Lufina sanapite kosewera. Dzuwa linali likukwera. Matope anali akuuma. Matope akauma, khoma silisunthanso. Khoma likapanda kusuntha, kabati itsala.

Lufina anathamanga. Anakwera phiri. Anafika wefuwefu. Analowa m'munda. Anazula phesi la chimanga. Linali phesi lalitali, lowongoka bwino.

Analowa nalo m'nyumba. Analigoneka m'mbali mwa kabati. Pamene kabati yathera, anagwira ndi chala. Anathyola pomwepo. Tsopano phesi linali lofanana ndi kunenepa kwa kabati.

Lufina anatsika phiri. Panjira anakumana ndi mbuzi. Mbuzi inaona phesi. Mbuzi inalifuna phesilo.

"Choka iwe," anatero Lufina. "Ili si lodyedwa. Lili pantchito."

Analikweza m'mwamba. Mbuzi inamutsatira. Lufina anathamanga. Mbuzi inathamanganso. Lufina anadumpha ngalande. Mbuzi inatsala tsidya, ikulira.

Lufina anafika panyumba yatsopano. Anagwada pansi.

"Ababa, a Cyprian, ndikupempha muone kamodzi kokha."

Ababa anabwera ndi matope m'miyendo. A Cyprian anatsitsa njerwa.

"Phesili ndi kabati," anatero Lufina. "Ndaliyeza pakabati penipeni."

Analigwira chopingasa. Anayenda nalo kupita pakhomo. Phesi linagunda njerwa uku. Linagunda njerwa uko. Phesi linakana kulowa.

Anayesanso. Phesi linakananso.

Ababa anakanda mutu. "Koma ndinayeza zinayi."

A Cyprian anakanda mutu. "Inenso ndayeza zinayi."

"Tagundanitsani zikhatho zanu," anatero Lufina.

Ababa anatambasula chikhatho. A Cyprian anatambasula chikhatho. Anazigundanitsa. Chikhatho cha a Cyprian chinasowa m'kati mwa cha Ababa.

Onse anayang'anitsitsa zikhathozo. Kenako a Cyprian anayamba kuseka. Ababa anasekanso. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Zinayi zanu si zinayi zanga," anatero a Cyprian.

"Zoonadi, mutu umodzi susenza denga," anatero Ababa. "Mwana wanga, watipulumutsa."

A Cyprian anakhudza matope. Anali asanaumitsitse. Anachotsa njerwa imodzi. Anachotsa ina. Anachotsanso ina. Khomo linakula.

"Bwera nalo phesi lako, bwana wamng'ono," anatero a Cyprian.

Lufina analigwira chopingasa. Anayenda nalo. Phesi linalowa. Linalowa osagunda uku. Linalowa osagunda uko. Panatsalanso malo a felemu ya chitseko.

Kuyambira tsiku limenelo, Lufina anali ndi ntchito. Anathyola phesi la bedi. Anathyola phesi la tebulo. Anayeza kuchipinda. Anayeza pabalaza. Aliyense wofuna kuyeza ankaitana Lufina.

Nyumba inatha. Malata anakhomedwa. Tsiku losamuka linafika.

Kabati inakwera ngolo. Amayi anafunditsa kalilole chitenje. Ng'ombe ziwiri zinatsika phiri pang'onopang'ono. Amayi ankayenda pambuyo, dzanja lili pakabati. Lufina ankayenda patsogolo, phesi lili paphewa.

Anthu apamsewu anasonkhana. Mayi wina wogulitsa mbatatesi anapukusa mutu.

"Chimenechi sichilowa," anatero.

"Ilowa," anayankha Lufina. "Phesi linalowa kale."

Amuna anayi ananyamula kabati. Anafika nayo pakhomo. Aliyense anayang'anitsitsa. Kabati inasuzumira m'nyumba. Inalowa pang'ono. Inalowa theka. Inalowa yonse. Sinagunde uku. Sinagunde uko.

Amayi anaimba nthungululu. Anthu anaomba m'manja. Mayi wambatatesi uja anaomba kuposa onse. Ababa anamunyamula Lufina. Anamukhazika paphewa, iye ndi phesi lake.

A Cyprian anati, "Phesilo undibwereke, bwana wamng'ono. Ndili ndi nyumba ina ku Lizulu."

"Ili ndi la kabati yathu," anatero Lufina. "Ndikuthyolerani lanu."

Anthu atapita, Amayi anachotsa chitenje pakalilole. Munaoneka nkhope zitatu. Munali Ababa. Munali Amayi. Munali Lufina ndi mano ake oguluka.

Lufina anali wokondwa kwambiri. Anaika phesi pamwamba pa kabati.

Amayi anatsegula chitseko cha kabati. Anasisita dzina la bambo awo lija ndi chala. Misozi inatsika, koma ankamwetulira.

"Ababa," anatero Amayi motsitsa mawu, "tafika nanu."