Mabuleki Obwereka

Njinga yamoto ikalowa m'Chiyesanjinga, chitseko chagalasi chinkatsekeka chokha, mwini wake n'kutsala panja ngati woperekeza wodwala. M'katimo munkayaka kuwala kwabuluu. Mikono yachitsulo inkatuluka m'makoma, wina kugwira chiwongolero, wina kutsina matayala, wina kugogoda batire. Pansi panali lamba woyenda amene ankathamangitsa njingayo ili pamalo amodzi, kenako n'kuiimitsa mwadzidzidzi kuti zioneke ngati mabuleki akuluma.

Akabaza a pa Dedza sankavutika ndi dzina lalitalilo. Ankangoti Phanga.

Pofika chaka cha 2068 njinga zonse zinali zamagetsi, ndipo iliyonse inali ndi kakompyuta pansi pa mpando, kamene anthu ankati ubongo. Kamodzi pachaka njinga inkayenera kulowa m'Phanga. Ikakhoza, kanyale ka pamphumi pake kankayaka kobiriwira mpaka chaka chinacho. Ikalephera, Phanga linkanong'oneza ubongo uja, njinga n'kugona osadzukanso mpaka itakonzedwa. Mwini wake ankabwerera kwawo akuikankha, anthu akuona.

Levisoni Kamtedza sankadana nalo Phanga. Iye anakula nthawi imene kuchipatala kunali wodi yathunthu ya anthu othyoka miyendo pa njinga, ndipo bambo ake omwe anatulukamo akuyendera ndodo. Phanga litabwera, wodi ija inasanduka ya ana. Silinkalandira kangachepe, silinkadziwa mwana wa bwana. Koma silinkadziwanso kuti njinga ikagona, pakhomo amagona ndi njala. Mtolankhani wina atabwera pasiteji kudzafunsa ngati akabaza amada nkhawa ndi kuyezetsa, onse anaseka, amvekere njinga zawo n'zatsopano tsiku lililonse. Koma mwezi wa munthu ukayandikira, ankayamba kuchepa nthabwala, n'kumatchera khutu ku kaphokoso kalikonse ka njinga yake.

Mwezi wa Levisoni unali Juni, ndipo mabuleki ake anali atatopa.

Mabuleki a masiku amenewo sankakonzedwa pansi pa mtengo. Anali kabokosi komata kochokera ku fakitale, ndipo kakatha munthu ankaitanitsa kena kumzinda n'kumadikira. Levisoni anali ataitanitsa, koma tsiku loyezetsa linakwana kabokosi kasanafike. Iye mwini sankaopa kukwera. Mabuleki ake ankawadziwa: akatentha ankafooka, ndiye pankafunika kuwasiya kaye, kuwapopa kawiri, pamenepo ankaluma. Koma Phanga silinkamva zoti "ndimawadziwa".

Choncho anakabwereka suti. Umu ndi mmene akabaza ankatchulira mwambo wawo wakalekale. Wopita kukayezetsa ankabwereka chitsulo chabwino kwa mnzake wa nyale yobiriwira, n'kumusiyira chake chotopacho mpaka atabwerako. Malamulo ake anali awiri. Wobwereketsa sankakwera njinga tsiku limenelo. Ankakhala pasiteji n'kumasewera bawo, ndipo anzake ankamuseka kuti ali m'chikuta ngati mayi wongobereka kumene. Wobwereka sankatchula dzina la mwini suti, zivute zitani.

Mwini suti m'mawa umenewo anali Fanuelo, mwamuna wa mlongo wake Dailesi. Ankasinthana zitsulozo kuseri kwa kasitolo ka Dailesi, kamene ankagulitsiramo tiyi ndi mandasi pasiteji pomwepo. Kunali nkhungu yoti phiri silinkaoneka, ndipo zala zinkakana kugwira sipanala.

"Alamu," anatero Fanuelo atagwada pambali pa gudumu, "munandipatsa mkazi mmodzi, koma zimene mwandibwereka chikwatirireni zakwana akazi atatu."

"Mkaziyo ndinakupatsani wopanda vuto," anayankha Levisoni. "Kukanakhala Phanga loyeza amuna, inu mukanagona chaka choyamba."

"Ndikanakhoza ndi suti yanu."

Dailesi anasuzumira pazenera ali ndi sefa m'manja. "Mukamaliza kundigulitsa mubwere mudzamwe tiyi. Koma inu bambo a Tamanda, lero m'chikuta. Ndisamve zoti mwanyamula ngakhale thumba la kachewere."

"Ndanyamula kale ulesi wa achimwene akowa, wandikwana."

Anaseka onse atatu. Levisoni anamwa tiyi ataimirira, navala chisoti. Zoti mabuleki ake amafuna kupopa sananene. Akananeneranji kwa munthu amene sakwera?

Ku Phanga mzere unali wautali. Patsogolo pake panali mnyamata wa ku Linthipe amene njinga yake inagona chifukwa cha tayala, ndipo anatuluka akuikankha, maso ali pansi. Palibe anamuyang'ana, pamzere umenewo kuyang'anana kunali ngati kulodzana. Nthawi ya Levisoni itakwana, anaima pagalasi manja ali m'thumba. Lamba anathamanga, njinga inalira, kenako inaima nji. Kanyale kanayaka kobiriwira.

Koma chitseko sichinatseguke.

"A Kamtedza, njinga yanu yakhoza," linatero Phanga ndi mawu ake ofatsa aja. "Koma ndili ndi funso, ngati mungalole."

Levisoni anatulutsa manja m'thumba. "Funsani."

"Mabuleki awa ndi abwino, koma kadyedwe kake sikakugwirizana ndi gudumu lanu. Akhala akuluma gudumu lina. Sindikulepheretsani, chifukwa ine ndimayeza zimene zaima patsogolo panga. Chimene chikundivuta ndi njinga imene achokera. Ngati ili ndi nyale yobiriwira, ndiye kuti anthu akuikhulupirira chifukwa cha mawu anga, pamene mabuleki ake ndi ena. Mukandiuza nambala yake, ndiigoneka pamene ilipo mpaka mabuleki atabwerera."

"Nanga yanga?"

"Yanu ndidzayenera kuiyezanso ndi mabuleki ake enieni."

"Nanga mwini wakeyo?"

"Nyale yake izima mwezi wathunthu. Sindingakunamizeni."

Levisoni anayang'ana kanyale kobiriwira kaja. Makina sankalankhula mwankhanza, ndipo mumtima anavomereza kuti funsolo linali loona. Koma anaganizanso za makomo awiri, lake ndi la mlongo wake, njinga zonse zitagona m'mwezi wozizira. Anaganiza za mmene akanalowera pasiteji monga munthu woyamba kutchula mwini suti. Ndiponso ngozi ikanachokera kuti? Fanuelo anali m'chikuta, akubera anzake pa bawo.

"Ndinagula pamsika," anatero. "Kwa munthu wongodutsa. Sindikumudziwa."

Phanga linatsegula chitseko. "Chabwino, a Kamtedza. Mukakumbukira, pakhomo pali batani lofiira. Muyende bwino."

Anadutsa batanilo osaliyang'ana.

Atafika pasiteji anapeza bawo lili lokha pabenchi, nkhomo zili m'maenje. Dailesi anali ataima pakati pa msewu, wopanda mpango kumutu. Pamalo pa njinga ya Fanuelo panalibe kanthu.

"Ali kuti alamu?"

"Mthenga anawaitana, achimwene."

Mthenga anali makina a zachipatala amene ankatumiza magazi ndi mankhwala kuzipatala zazing'ono. Masiku onse ankatuma tindege topanda woyendetsa, timene anthu ankati atombolombo. Koma nkhungu ikatseka phiri atombolombo sankauluka, ndipo Mthenga ankasankha njinga ya nyale yobiriwira imene ili pafupi.

"Kuli mayi akutaya magazi pobereka kumunsi kwa phiri," anapitiriza Dailesi. "Anzawo onse anali atanyamula anthu. Yobiriwira inali yawo yokha."

"Bwanji sanakane?"

"Mthenga anawafunsa ngati njinga ili ndi vuto. Iwo anayang'ana gudumu, anayang'ana ine. Anati palibe. Atazimitsa foni anati, ndikanena afufuza, ndipo alamu agwa m'Phanga momwemo. Anati ayenda pang'onopang'ono."

"Adzera njira iti?"

"Khwekhwerere."

Levisoni anaimbira Fanuelo foni. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso uku akutembenuza njinga, ndipo asananene kanthu Dailesi anali atakwera kale kumbuyo.

Msewu wa Khwekhwerere umatsika phiri mokhotakhota ngati chingwe chotayidwa pansi. Munthu amagwira mabuleki kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mabuleki otopa amatenthera pakati. Levisoni ankadziwa malo amene ake ankayambira kufooka. Ankaimapo nthawi zonse, n'kumanamiza wokwera kuti akufuna aone chigwa. Lero sanaime. Pakona iliyonse ankafinya, ndipo mabuleki a Fanuelo ankaluma mofewa, mosavuta. Ankalankhula yekha m'chisoti ngati kuti mlamu wake angamve: asiyeni kaye, popani kawiri, popani kawiri alamu.

Atadutsa malo aja, anaona lole itaima m'mbali ndi anthu ochepa atasonkhana. Chitsulo chotchinga msewu chinali chitapindika. Kumunsi, pakati pa miyala, njinga inali chagada, gudumu lakutsogolo litathyoka, kanyale kake kakuyakabe kobiriwira m'nkhungumo.

Anthu anali atamukweza kale Fanuelo kumsewu. Mayi wina anali atamufunditsa chitenje chake mpaka kumutu.

Dailesi sanakuwe. Anatsika, anagwada, anavundukula pang'ono, n'kuyamba kuchotsa udzu m'tsitsi la mwamuna wake. Dalaivala wa lole uja ankafotokozera aliyense amene wafika: munthuyu ankabwera bwinobwino, kenako ndinangoona akukwekweretsa mapazi pansi, ndipo anandipewa ine n'kusankha chitsulo. Bokosi la magazi limene Fanuelo ananyamula silinasweke. Galimoto ina inali italitenga kale kutsikira nalo kuchipatala.

Pamaliro akabaza anabwera ochuluka, njinga zili pamzere kuperekeza bokosi mpaka kumanda. Onse a pasiteji ankadziwa za suti, ndipo palibe anaitchula. Ena ankati Mthenga ndiye wapha munthu, makina osadziwa kuti munthu ali m'chikuta. Mkulu wina wa mpingo anati ayi, makina anafunsa. Anakangana pang'ono chapansipansi kuseri kwa nyumba, kenako anasiya, chifukwa aliyense ankaona kuti mnzakeyo sakunama.

Kabokosi katsopano kanafika maliro atatha. Levisoni anakamanga pa njinga yake, anakulunga mabuleki a Fanuelo m'nsalu, napita nawo kwa mlongo wake. Anamupeza pakhonde akusankha nyemba, mwana wake Tamanda ali kusukulu. Anakhala pansi, anaika mtolowo pakati pawo.

"Ndabweretsa suti."

Dailesi anauyang'ana mtolowo. "Mukubweza kwa ndani, achimwene?"

Levisoni anati, "Phanga linandifunsa. Linati nditchule nambala, liigoneke. Ndikanatchula, Mthenga akanapeza njinga itagona, akanaitana wa siteji ina."

"Ndinamva. Anyamata a pamzere anakamba." Dailesi anataya kamwala kunja kwa lichero. "Inenso ndinalipo pamene foni inkafunsa. Ndinali pafupi ngati mmene tilili pano. Ndikanangoti, akunama awa, mabuleki si awo. Koma ndinaganiza za ana anu."

Mphepo inagwedeza zovala pachingwe. Dailesi anati anamwino anatumiza uthenga: mayi uja anachira, ndi mwana yemwe. Ananena zimenezi mosasangalala, mosakwiya, ngati munthu amene sakudziwa poika katundu amene wapatsidwa.

"Chaka chamawa mudzabwerekanso?" anafunsa.

"Sindikudziwa," anatero Levisoni, ndipo zinali zoona. Mawa lake pasiteji panali wina amene mwezi wake unali utakwana, tayala lake litatha, ana ake ali anayi.

Levisoni ananyamuka dzuwa litapendeka. Mtolo uja anausiya pakhonde, ndipo Dailesi sanaukhudze. Ali m'njira ankayesa kudziuza kuti nayenso anakhala chete chifukwa cha mlamu wake basi, monga mmene mlamu wake anachitira chifukwa cha iye, koma mtima sunkavomera msanga. Makina anali atafunsa funso loyenera kawiri konse tsiku limenelo. Chimene amene anawapanga sanaganizire n'chakuti anthu osowa pothawira amathawira kwa anzawo, ndipo nthawi zina amatetezana mpaka mmodzi kutsala m'chigwa.