Ndani Wadzala Matimati Awa?

Mtsikana uyu onse amamutcha Changu. Amadya mwachangu. Amayenda mwachangu. Amafuna zonse zichitike mwachangu.

Changu anali ndi bedi lake m'dimba. Bambo ake anamupatsa mbande za matimati. Anawokera yekha. Ankathirira yekha.

Koma matimati sankakula mwachangu.

"Ababa, akula liti?" anafunsa Changu.

"Akula," anatero bambo.

Bambo akewo sankachulutsa mawu.

Tsiku lina Changu ankasesa m'khola la nkhuku. Zitosi zinali mbwee! Iye ankadziwa kuti zitosi ndi manyowa. Anadzaza ndowa. Anakathira pa matimati. Anadzazanso ina. Anathiranso.

"Idyani, mukule msanga," anatero Changu.

Patapita masiku, Changu analowa m'dimba. Anaima chilili. Anagwira pakamwa.

"Mayo ine!"

Masamba anali atapsa. Mbande zinali zitagona pansi. Zonse!

"Ababa! Achimwene! Wina wayatsa moto m'dimba!"

Achimwene ake anabwera akuthamanga ndi madzi.

"Uli kuti motowo?"

Panalibe utsi. Panalibe phulusa. Achimwene anatseka mphuno.

"Iii! Moto wakowu ukununkha nkhuku!"

Bambo anafika. Ananjuta. Anagwira dothi.

"Zitosi zaziwisi zimawotcha," anatero.

"Zitosi? Kuwotcha? Koma sizinali zotentha, ababa!"

"Ziziyamba zawola."

Changu anatong'ola maso. Wowotcha matimati anali iye yemwe!

"Kuli mbande zina?" anafunsa.

"Zinatha."

Misozi inatsika.

"Chaka chino tidyera maso," anatero achimwene.

Bambo anawayang'ana. Achimwene anayang'ana kumbali.

Bambo anapatsa Changu ndowa. "Wola zitosizi, mwanangu. Kataye kuseri kwa khola."

Changu anawola zitosizo. Anapita kuseri kwa khola. Kumeneko kunali mulu wa zitosi zakale. Zinali zitawola kale.

Ndowa inagwa pansi. Khu!

"Ababa! Bwerani!"

Pamulupo panali mbande za matimati. Zambirimbiri! Zonenepa! Zobiriwira!

"Ndani wadzala matimati awa?" anafunsa Changu.

"Si ine," anatero achimwene, kukamwa kuli yasa.

"Si ine," anatero bambo. Nawonso anadabwa.

Bambo anakanda m'mutu. Anayang'ana mulu. Anayang'ana khola. Kenako analoza thadzi lakuda.

"Awo."

"Nkhuku, ababa?"

"Timaziponyera matimati owola. Njere zimatuluka ndi zitosi."

Changu analumpha. "Nkhuku zadzala matimati!"

"Popanda khasu lomwe!" anatero achimwene. "Ine ndimalimiranji?"

Bambo analima bedi latsopano. Achimwene anatunga madzi. Changu anazula mbande ndi dothi lake. Anawokera imodzi. Anawokera ina. Anawokera mpaka bedi linadzaza.

Thadzi lakuda linabwera pachitseko cha dimba. Linasuzumira. Linaponya mwendo umodzi mkati.

Changu anatseka chitseko. Anagwada mwaulemu.

"Mwadzala, amayi, zikomo kwambiri," anatero. "Koma muno musalowe."

"Ko-ko-ko!" linadandaula thadzi.

Achimwene anaseka. Changu anaseka. Bambo anaseka mpaka anakhala pansi.