Galu wa Chibwano Chokhota

Mtembo wa a Hilal unapezeka m'mawa wa Lachinayi kuseri kwa mathandala oyanikira usipa, kumapeto kwa Chiwanga. Unagona chafufumimba, mutu utaphwanyika kunkhongo. Pambali pake panali nkhafi yamagazi. Pansi pa thandala panabisala agalu angapo, wina wakhungu, wina wokoka mwendo, onse aubweya wakuda ndi wofiirira ngati agalu a alonda a m'tauni. Wamkulu mwa iwo, wa chibwano chokhotera kumanzere, anali ndi magazi ouma kukamwa ndipo ankapuma mobanika.

Wofufuza milandu Teodoro Mpalila anafika kuchokera ku Metangula pa njinga yamoto. Anapeza anzake atatsekera kale Lukmani, mng'ono wa malemuyo. Nkhafi inali yake, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti abalewo ankakangana.

"Munkalimbirana chiyani ndi akulu anu?" anamufunsa m'kachipinda kofunsira milandu.

"Agalu, shefe. Msilamu kusunga agalu pakhonde! Akanyambita mbale, alamu anga azitsuka ndi dothi. Kumzikiti anthu amatiseka."

"Nanga nkhafi?"

"Imakhala pathandala. Aliyense wodutsa angaitole." Lukmani anapukuta m'maso ndi chala. "Shefe, maliro ndi lero, dzuwa lisanalowe. Woyenera kuwasambitsa ndine. Mundimange mawa, sindithawa."

"Vulani malaya. Pindani buluku."

Teodoro anamuyang'ana mikono, msana ndi akatumba. Galu wamagazi kukamwa uja anali ataluma munthu, koma pa Lukmani panalibe bala la mano. Komabe kusowa kwa bala sikutsegula chitseko cha selo, ndipo sanamulonjeze kanthu.

Leila, mkazi wa malemu, anali pamphasa pakati pa amayi olira. Anatuluka n'kuima pakhomo atadzifunda kumutu.

"Agaluwa amuna anu ankawatenga kuti, mayi?"

"M'madzi."

"M'madzi?"

"Woyamba anabwera mu khoka. Amuna anga anakoka thumba lomangidwa, muli mwala ndi tiana ta galu. Tianato tonse tinali titafa kupatula kamodzi, ka kukamwa kokhota. N'chifukwa chake amamutcha Khoka. Kuyambira pamenepo akamva kuti kwa a José Luís, oweta agalu ogulitsa, galu wabereka, ankakadikira kumabango. Ankati chokhala ndi mpweya sichimizidwa."

"A José Luís ankadziwa?"

"Anadziwa sabata yatha. Kunabwera bwana wa ku Lichinga kudzagula galu. Podutsa apa anaona athuwa, n'kufunsa kwawo. Amuna anga sankadziwa kunama."

Kwa José Luís kunali mpanda wa njerwa wokwera kuposa tchalitchi. M'kati munali makola a simenti osesedwa bwino, ndipo agalu ankadya mpunga wosakaniza ndi chambo m'mbale zowala. Mwini wake, bambo wonenepa wometa bwino ndevu, anali atavala jombo zofika m'mawondo, dzuwa likuswa mtengo.

"Sinyoro inspetore! Mwabwera kudzagula? Apolisi ndimawachotserako."

"Ndabwera za a Hilal."

"Koitado, womvetsa chisoni. Wafa ndi zinyalala zake."

"Akuti zinyalalazo n'zochokera muno."

José Luís anaseka. "Muno? Yang'anani nokha. Rasa pura, mtundu wosasakaniza, bambo wake wa ku Joni. Ine sindiweta agalu ngati anthu a kuno, ndimasunga mtundu." Anagwira galu wina pakamwa n'kukweza milomo yake. "Onani manowo. Ngati lumo. Muno mulibe wopunduka ngakhale mmodzi."

"Sabadwa?"

"Wobadwa molakwika sakhala. Mlimi amapatulira chimanga, sichoncho? Kagalu kakhungu mukakasiya kavutika moyo wake wonse. Ndi chifundo chimenechi, inspetore. Anthu osaphunzira sangachimvetse."

Teodoro anaonapo akuba, anaonapo zidakwa zobaya anzawo pa mowa, ndipo ambiri a iwo ankawamvera chisoni pang'ono. Uyu, wotchula chifundo uku akusisita galu wodya chambo, anamunyansa ngati nsomba yogonera. Sanasonyeze. Anangoona kuti bamboyo potembenuka sankaponda bwino mwendo wamanja.

"Mwendowo?"

"Nyamakazi."

"Tiyeni ku esikwadra, kupolisi kwathu. Namwino akakuoneni."

M'kachipinda kaja namwino Priska, woitanidwa kuchipatala, anavula jombo ija n'kumasula chinsanza chomwe chinakulungidwa pakatumba. Bala linali lalikulu, lotupa.

"Nyamakazi yake ya mano iyi," anatero Priska.

"Ndi Sultau, galu wanga," José Luís anayankha msanga. "Ndinamuponda mchira dzulo. Ndinachita manyazi kunena."

Teodoro anakoka mpando, nawerama. Mano a pamwamba anasiya mzere wowongoka. A pansi sanagwe pansi pa anzawo, koma anapita cha kumanzere, n'kung'amba mnofu chopingasa.

"Mayi Priska, galu wa pakamwa pabwino amaluma chonchi?"

"Ndamangapo mabala a agalu ambiri. Ili ndi la galu wa chibwano chokhota."

"Ndiye Sultau wanu ndi wokhota chibwano," anatero Teodoro. "Palibe vuto. Tilemba choncho: José Luís, woweta agalu ku Chiwanga, ali ndi galu wopunduka m'khola mwake, ndipo ndiye bambo wa ana amene amagulitsa. Musayina, mupita kwanu."

"Sultau alibe chilema!"

"Wina wake ndiye. Mutchuleni, tikamutenge."

 Thukuta linatsikira m'khosi mwa malaya a José Luís. Teodoro anadikira. Ankadziwa kuti munthu wanzeru akanasayina n'kukafunafuna bodza lina kunyumba. Koma uyu kunali kosavuta kwa iye kuvomera magazi a munthu kusiyana ndi kuvomera galu woipa.

"Kapena tibweretse Khoka, tiyeze mano ake pamwendo panu?"

"Chinthu chimenecho musachibweretse pafupi ndi ine."

"Munakatani kumathandala?"

"Kukatenga zanga." Mawu ake anakwera. "N'zanga! Ndinazitaya, inde, koma magazi ake ndi a m'khola mwanga. Hilal ankaziyendetsa m'mudzi monse ngati mbendera, aliyense aone zimene agalu anga amabala. Munthu wa ku Lichinga uja anandiseka pamaso pa antchito anga. Mbiri ikafika kumeneko ine ndatha."

"Pitirizani."

"Ndinapita m'mamawa ndi thumba, ndimaganiza ali kumzikiti. Ndinali nditaikamo tiagalu tiwiri tating'ono iye atatulukira. Ndinamuuza bwinobwino kuti asalowerere. Anagwira thumba, osalisiya. Kenako chilombo chija chinandiluma. Ndinachimenya chidendene, ndinatola nkhafi..."

"Munkafuna kumenya galu?"

José Luís anayang'ana khoma. "Galu anali atathawa."

"A Hilal anali atakufulatirani."

"Anawerama kumasula thumba."

Priska anamanganso balalo, ndipo sanalimange mofatsa. Teodoro anatuluka n'kuuza wapolisi wa pakhomo kuti atsegule selo. Lukmani anatuluka akuphethira. Dzuwa linali litapendeka, koma lisanafike pamadzi.

"Thamangani," Teodoro anamuuza. "Akukudikirani."

"Anapha ndani, shefe?"

"Mukamva pambuyo pa maliro. Agalu aja wina awapatse madzi."

Lukmani anaima, nacheuka. "Ndiwapatsa ine," anatero, n'kuyamba kuthamanga nsapato zili m'manja.

Atabwerera m'kachipinda, Teodoro anapeza José Luís atamangidwa unyolo, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene waiwala chinthu pamoto.

"Inspetore, pali nkhani imodzi yofunika. Rayinya, galu wanga wamkazi, abereka sabata ino. Pafunika munthu wodziwa, woti akaone anawo tsiku loyamba, asankhe."

Za a Hilal sanafunse, ngakhale za mkazi wamasiyeyo. Teodoro anatola chipewa chake patebulo.

"Rayinya abereka yekha," anatero. "Ndipo ulendo uno ayamwitsa onse."