Mng'alu Wobisika pa Thanki ya Mpingo

Pakhomo pa a Timoteyo, kwa Dambe, panali pamtendere. Ndikunena ine amene ndinali mnansi wawo. Bamboyo anali mmisiri womanga, akazi awo a Esitele ankaimba kwaya, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Lameki, anakula akudziwa pemphero ndi mpeni womangira. Luso anali nalo mnyamatayo. Chimene analibe ndi mtima wodekha.

Kutchalitchi kwathu kunali thanki yaikulu ya konkire, yolandira madzi a mvula ochokera padenga. Inali yakalekale, ndipo pofika zaka za matipate inali itang'aluka, ikudontha ngati dengu. Akhristu tinasonkha mtedza ndi chimanga, tinagula simenti, zitsulo ndi mankhwala oletsa madzi kudutsa khoma. Koma a Timoteyo maso anali atachita ng'ala, choncho ntchito inagwera Lameki.

"Mwana wanga," anatero bambo ake, "thanki yokalamba sapaka pamwamba. Yamba wagogoda khoma lonse ndi nyundo. Polira ngati ng'oma ndiye kuti m'kati mwaola. Sema mpaka uone chitsulo. Chadzimbiri chotsa, ika chatsopano. Ukamata, funditsa ziguduli zonyowa, uzithirira mpaka simenti ikhwime."

"Ndamva, bambo."

Anamva ndi makutu okha.

Ntchito itangoyamba kunabwera Lovemore, mnyamata wozembetsa katundu panjinga kupita ku Zambia, wa pakamwa potsekemera ngati shuga amene ankazembetsayo. Anayang'ana matumba a simenti, naimba mluzu.

"Aise, zonsezi ukwirire m'khoma la agogo? Tsidya lino la malire simenti ndi dothi, koma ku Chipata akuilirira. Onjezera mchenga, ndani adzalawe?"

"Bambo adzadziwa."

"Mdala wako saona n'komwe! Iwe uli ndi manja asiliva koma nsapato zako zikuseka."

Thumba loyamba linapita Lameki ali ndi mantha. Lachiwiri linapita akuseka. Kenako zitsulo nazo zinakwera njinga, mankhwala aja n'kutsatira. Lameki anasema kagawo kamodzi kokha ka pafupi ndi mpopi, n'kukakonza bwinobwino monga anaphunzirira. Kwina konse anangomata mchenga wonunkhiza simenti pamwamba pa ming'alu. Kuthirira? Ha! Ankathirira kukhosi kwake, kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa msika.

Amayi ake ndiwo anayamba kuona.

"Lameki, ndadutsa pathanki, ziguduli zauma gwa. Ndipo fungo ili si la simenti. Mwana wanga, ya Mulungu sabera."

"Amayi, za zomangamanga mwazidziwira kuti? Inu kaimbeni kwaya."

Ndinamva ndekha mawu amenewo kudzera pampanda, ndipo mpaka lero amandiwawa. Mayiyo anangopukuta maso ndi chitenje, nalowa m'nyumba.

Atamaliza, Lameki anapaka thanki yonse laimu. Inayera kuti mbee, anthu n'kumaomba m'manja. A Timoteyo okha anati, "Ndigwire dzanja, ndikaimve ndi nyundo yanga."

Apa ndiye pamene mnyamatayo anachita tchimo loposa kuba. Anatsogolera bambo ake osaonawo molunjika pa kagawo kabwino kaja. Nyundo inalira kuti ngwe, ngwe! Anawayendetsa pang'ono ngati akuzungulira thanki, n'kuwabwezera pomwe paja. Ngwe, ngwe!

Mkuluyo anamwetulira. "Walimbitsa, mwana wanga. Tsopano ndingafe, dzina langa lili m'manja abwino."

A Esitele atamva zimenezi anadzidzudzula kuti anamuganizira mwana zoipa. Kuyambira pamenepo, mapemphero akatha, ankayala chitenje mumthunzi wa thankiyo. "Pano ndi pamalo panga," ankatiuza monyadira. "Wakonza ndi Lameki wanga."

Mvula ya chaka chimenecho inagwa ngati ikulipa ngongole. Thanki imene kale inkataya madzi m'ming'alu tsopano inadzaza mpaka pakamwa, ndipo zitsulo zodyeka ndi dzimbiri zija zinasenza katundu amene zinali zitaiwala kalekale. Laimu anayamba kuchita thukuta, timizere tobiriwira n'kumatsika khoma. Lameki anaona. Anadziwanso tanthauzo lake, poti anali mwana wa mmisiri. Akanangotsegula mpopi, kapena kunena kuti, "Amayi, musakhalenso pamenepo." Koma akanafunsidwa chifukwa, ndiye anakhala chete.

Lamulungu lina masana, ife tikupinda mayunifomu a kwaya m'tchalitchi, tinamva phuu! Nthaka inagwedezeka. Titathamangira panja tinapeza madzi ali ponseponse, khoma lathunthu litagona pansi, ndipo pansi pake pakuoneka nsonga ya chitenje chimene tonse tinkachidziwa.

Mayo ine, Esitele mnzanga!

Amuna anatukula chigumukacho ndi mitengo, koma a Esitele anali atapita kale. Pulasitala wa Lameki ankafumbutuka m'manja ngati chigumu chouma. Lovemore sanaonekenso, akuti anaolokera ku Zambia tsiku lomwelo.

Maliro atatha, a Timoteyo anapempha kuti awatengere pathanki, ndipo anaitanitsa mwana wawo. Lameki anabwera akulira, nagwada m'matope.

"Bambo, ndikhululukireni."

 Mkuluyo anapapasa khoma lotsala, nagogoda. Phu, phu. Anasuntha, nagogodanso. Phu, phu, ngati ng'oma yamaliro. Kenako anafufuza dzanja la mwana wake, naikamo nyundo ija.

"Mulungu angakukhululukire, ndipo ine ndidzayesa. Koma tsiku lija ndinakupatsa dzanja langa chifukwa ndinalibe maso. Tenga nyundoyi. Sindidzafunanso kumva khoma lililonse."

Lameki ali moyo mpaka pano. Mowa anasiya, kutchalitchi amabwera, amakhala kumbuyo kwenikweni. Palibe amene amampatsa ntchito ngakhale yomanga khola la nkhumba, ndipo ine sindinganame kuti ndimamumvera chisoni tsiku lililonse.

Inu achinyamata, mverani. Musabe chimene mwapatsidwa kuti mugwirire ntchito, musanyoze makolo akakuchenjezani, ndipo mukalakwa ululani msanga, nthawi isanathe. Tchimo mungalimate, mungalipake laimu, koma m'kati limapitiriza kudya. Likadzagwa silisankha pogwera. La Lameki linagwera amayi ake.