Madontho Ofiira a Jailosi

Chaka chimene kunamveka zoti alendo akunja azibwera ambiri kudzakwera phiri la Mulanje, Jailosi wa ku Likhubula anapatsidwa chitini cha penti wofiira ndi burashi. Iye anali wonyamula katundu wa azungu, ndipo njira za m'phirimo ankazidziwa ngati ya kudimba kwake. Bwana amene anamupatsa pentiyo anati apake madontho pamiyala mpaka pansonga ya Sapitwa, kuti mlendo asamasochere.

Mkazi wake Estele anamukumbutsa kuti kumtundako kuli eni ake, ndipo sakonda kulondoledwa. Jailosi ankadziwa zimenezo. Koma masiku amenewo wokana ntchito ya chitukuko ankatengedwa kukafunsidwa mafunso, ndipo si onse ankabwerako.

Anapaka masiku atatu. Penti atatha, chitini anachisiya pamwamba pomwepo n'kuyamba kutsika. Mdima unamupeza m'mikungudza, nkhungu itatseka paliponse.

Kenako anamva chogwirira cha chitini chikulira kutsogolo kwake. Ngwe. Ngwe. Pokhota njira anapeza bambo wina atanyonyomala, atamufulatira, akupaka mwala mwachifatse. Chitini chinali chake chija, chopindika pakamwa. Chinali chodzaza.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" anatero bamboyo osacheuka. "Ntchito yanu taiona. Alendo azifika bwino kwathu. Nanga inu kwanu n'kuti?"

Apa ndi pomwe Jailosi analakwitsa. Analeredwa bwino, ndipo mwana woleredwa bwino sangokhala duu wamkulu akamufunsa. Pakamwa panayankha pokha, kuti kumunsi kwa mlatho, nyumba ya mpeyala pakhomo.

"Zikomo," anatero bamboyo. "Kuyenderana n'kwabwino."

Jailosi anatsika phirilo akugwa n'kudzuka, ndipo atafika kunyumba sanauze munthu.

M'mawa anadzidzimuka ndi phokoso la Estele akukwecha mwala wa pakhonde ndi mchenga. Panali dontho lofiira, losauma. Lina linali pa mpeyala, lina pa mlatho, ena kutsidya, ndondondo kukwera kuphiri. Jailosi anawatsata ndi maso chobwerera. Pachitseko. Pamphasa. Lomaliza linali kuphazi kwa Janeti, mwana wawo yekhayo, amene anali atangoyamba kuyenda.

Anamusambitsa ndi sopo, anayesa parafini, koma silinachoke. Jailosi anagwidwa ndi mantha amene sanawamvepo ngakhale m'mphepete mwa phompho, ndipo anakhala pansi n'kulira.

Alendo anabweradi chaka chimenecho, ndipo ankayamikira kuti njira ikuoneka bwino. Jailosi sanawanyamulirenso katundu. Anthu a ku Likhubula ankanong'onezana za mwana amene ankagona mwendo utamangiriridwa ndi chitenje ku dzanja la bambo ake. Ankati ukangomutsitsa kumbuyo, saona nkhuku, saona anzake. Amatembenukira kuphiri, n'kuyamba kuyenda.