Magetsi a Nyumba Yopanda Munthu

Argyris analowa m'shopu ya masola ku Kalamata tsiku la mphepo yoipa, ndipo chitseko chinadzimenyetsa chokha kumbuyo kwake. Stamatia, wogwira ntchito m'shopumo, akanamvera chitsekocho!

"Achemwali, ndikufuna magetsi kunyumba ya agogo, kumapiri a Mani. Mawaya safikako."

Stamatia anatenga cholembera. Ntchito yake inali kuyeza: firiji, mababu, pampu, chilichonse ndi maola ake, kenako n'kutchula mapanelo oyenera. "Mumakhalamo angati?"

"Palibe. Koma yezani za anthu awiri."

"Winayo ndani?"

"Ndikumuyang'ana panopa."

Mtsikana wosanyengeka ndi manambala ananyengeka ndi mawu awiri. Anaika mapanelo asanu ndi limodzi ndi batire imodzi, ndipo chilimwe chisanathe anali atatomerana. Ukwati unaikidwa pambuyo pa Pasaka.

Mauthenga ankagwa ngati mvula. "Njiwa yanga, denga lija likudikira iwe." Koma Stamatia akati apite kukaona makatani, yankho linali limodzi. "Usafulumire, mtima wanga. Mkwatibwi salowa m'nyumba azimayi asanayale bedi laukwati. Ukufuna tsoka?"

Mu Januwale foni inalira.

"Wokondedwa, batire ikutha msanga. Undipatseko mapanelo ena anayi, ndikaika ndekha."

"Ikutha bwanji nyumba ilibe munthu?"

"Ndi pampu, ndikuthirira maolivi."

"Ndi mvula imeneyi, Argyris?"

Anaseka, koma kuseka kwake kunachedwa. "Iwenso ndi mafunso ako ngati wapolisi!"

Stamatia anakwiya, osati chifukwa chomukayikira, koma chifukwa anali asanayezepo nyumba molakwika. Anatsegula pafoni pomwe makina a sola amaonetsera magetsi ogwiritsidwa ntchito ola ndi ola. Pampu ankaidziwa, imakoka mofanana mpaka kuzima. Izi zinali zina. M'mawa uliwonse china chinkatenthetsa madzi. Makina ochapira ankazungulira kawiri patsiku, Lamlungu lomwe. Ndipo maola atatu alionse kanthu kakang'ono kankayaka mphindi zisanu n'kuzima.

Ndani amachapa kawiri patsiku m'nyumba yopanda munthu?

Mawa lake anamanga makwerero pagalimoto osauza aliyense. Msewu unali wokhotakhota, mitambo itatsika mpaka kumakoma amiyala. Atafika anapeza utsi ukutuluka padenga, pachingwe pali timalaya tating'ono.

Chitseko anatsegula mayi wooneka wotopa, khanda lili pachifuwa, kamtsikana katagwira siketi yake.

"Ndinu a magetsi aja? Mulungu akudalitseni! Ndine Evanthia, mkazi wa Argyris. Ndikangotenthetsa botolo la mwana madzulo, zonse zimazima. Bambo ake akuti munayeza molakwika."

"Munabwera liti kuno?" anafunsa Stamatia.

"Mu Okutobala, nditangochira. Ndinali kwa amayi ku Tripoli, mimba inali yovuta. Iye anati atikonzera kaye magetsi. Lowani, ndikuphikireni khofi, mukunjenjemeratu!"

Anamugwira dzanja kuti amukokere m'nyumba, kenako anaima, maso ali pachala.

"Mphete yanu! Yangofanana ndi ya malemu apongozi anga. Anandisiyira ine, koma inasowa chaka chatha. Ndinalira sabata yathunthu."

Kumunsi kwa phiri kunamveka galimoto ikukwera. Onse awiri ankaidziwa kulira kwake.

Stamatia anavula mpheteyo. Inakanirira pang'ono, koma inatuluka. Anaiika m'dzanja la Evanthia n'kulipinda.

"Sinasowe, mayi. Mufunseni akafika." Misozi inali itayamba kale. "Nyumba yanu ikufunika mapanelo khumi ndi awiri ndi mabatire awiri. Mupeze wina akuikireni."