Mizere Isanu ya Akangaude

Woyamba kuzindikira anali mkazi wa a Pampu. M'mawa uliwonse akamadutsa m'munda wa thonje popita kukatunga madzi, ankatulukira kutsidya nkhope itakutidwa ndi ukonde wa akangaude, n'kumadzipukuta uku akung'ung'udza. Tsiku limenelo anatulukira nkhope ili mbee. Anatula ndowa n'kubwerera, akutembenuza masamba limodzilimodzi. Munalibe kangaude, munalibe chiswamphika, ngakhale tizilombo tofiira ta madontho akuda tija timadya nsabwe za thonje.

Mwamuna wake anthu ankamutcha a Pampu, chifukwa pampu yopoperera mankhwala sinkachoka kumsana kwake. Anzake ankamuseka kuti amaibereka kuposa mmene mayi amaberekera khanda. Chaka chimenecho mbozi zinavuta, ndipo iye anayamba kupopera kawiri pa sabata, muyezo wake wodzadza mpaka kutayikira.

"Bambo a mwana, m'mundamu akangaude atha," anatero mkaziyo.

"Ndiye ndilire maliro? Kangaude amamuika pa sikelo?"

Posakhalitsa kunayamba kaphokoso. Dzuwa likangolowa, mphepo n'kudekha, m'munda munkamveka ngati mvula yowaza ikugwera pa udzu wouma, chonsecho kumwamba kulibe mtambo. Nkhululu zinali zitaleka kulira, ndiye panalibe chobisa phokosolo. Linkalowa pazenera n'kumufikira mwamunayo pamphasa. A Pampu ankadzuka, kukhala, kudzukanso, mpaka tsiku lina anatuluka ndi tochi. Pa chipatso chilichonse cha thonje panali mbozi yonenepa, mutu uli mkati, ikudya mosapupuluma. Anathamangira kusitolo kutacha, koma wogulitsa anati mankhwala atha, adikire masabata awiri.

M'masiku odikirawo ndi mmene ukonde unabwerera, koma unabwerera mwachilendo. Unaoneka pa mzere umodzi wokha, wa kumalire, utanyowa ndi mame kuchokera kumutu mpaka kumapeto, pomwe munda wonse unali wopanda kanthu. Patapita masiku awiri unali pa mizere iwiri. Kenako itatu. Unkayenda mwadongosolo ngati munthu wolima, kulunjika kunyumba, ndipo pakati pa mizereyo pankapezeka mapazi a munthu wopanda nsapato.

Mphekesera sizinachedwe. Ena ankati pali wansanje amene akumanga mundawo ndi ulusi kuti thonje lisatseguke. Mayi wina wa pafupi analumbira kuti anaona chinthu choyera chikukwawa m'mizeremo, chikulankhula ndi masamba. Wometa tsitsi anauza a Pampu motsitsa mawu, lumo lili m'mutu, kuti ukonde umenewo ukadzafika pakhomo, m'nyumbamo mudzatuluka mtembo. Kuchokera pamenepo chakudya chinasiya kutsika. Ankangozungulira nyumba, kuwerenga mizere yotsala, kuyang'ana ana ake, n'kukawerenganso.

Mankhwala anafika ukonde uli pa mzere wachisanu. Madzulo amenewo mkazi wake anatsanzika kuti akukaona achimwene ake, ndipo a Pampu anasungunula mankhwala owirikiza, n'kupopera mizere isanu ija mpaka masamba kumadontha. Atamaliza sanalowe m'nyumba. Anatenga chikwanje ndi tochi, n'kukabisala paudzu wa kumalire.

Mdima unakhuthala pang'onopang'ono mpaka manja ake omwe sankawaona. Uko kumtunda kwa munda kutafuna kuja kunayamba. Miyendo inachita dzanzi, thukuta linazizira pamsana. Kenako udzu unachita tswaa, n'kukhala chete, n'kuchitanso tswaa. Chinthu choyera chinatulukira chitawerama, chikulowera pa mzere wachisanu ndi chimodzi. Chinagwada. Panamveka kachitsulo kakutseguka, ndi mawu a manong'onong'o.

"Pitani, pitani, kadyeni."

A Pampu anayatsa tochi, chikwanje chili m'mwamba. Kuwalako kunagwera pankhope ya mkazi wake, atafunda nsalu yoyera, m'manja muli chitini chobooledwa pachivindikiro.

"Mayi a mwana! Ndi inu?"

"Tsitsani chikwanjecho, mudzutsa ana."

Mkaziyo anamuonetsa za m'chitinimo: akangaude aang'ono ndi aakulu atakangamira pa masamba, ndi tizilombo tofiira tija. Ankakatola kumunda kwa achimwene ake, amene sapopera pokhapokha atawerenga mbozi n'kuona kuti zachulukadi. Mlangizi wa zaulimi anali atawafotokozera kuti awa ndi amene amadya mazira ndi timbozi tisanaboole chipatso. Mankhwala akachuluka amayamba kufa ndi iwowa, poti amakhala poyera, pomwe mbozi yaikulu imakhala itabisala mkati.

"Nanga osandiuza bwanji? Ndatsala mafupa okhaokha ndi mantha!"

"Mukanamva inu? Ndinati muone kaye ndi maso anu. Tiyeni muone, zipatso za mizere isanuyi zilibe zibowo zatsopano."

Anamugwira dzanja mokondwa ngati mtsikana, n'kumukokera pa mzere wachisanu. Atangoponda masitepe awiri anaima. Ananunkhiza. Anakhudza tsamba n'kusisita zala zake zonyowa.

"Fungoli ndi la lero," anatero.

A Pampu analozetsa tochi pa masambawo. Kuwala kwake kunapeza kangaude wamkulu atapinda miyendo, akulendewera pa ulusi wake, akuzungulira pang'onopang'ono. Pafupi pake panali wina. Pansi, m'mphepete mwa mzere wonse, analipo ambirimbiri, ali gada.

Mkaziyo anawerama n'kuwayang'ana. Kenako anatseka chitini chija mwamphamvu, n'kuchifungatira pachifuwa mkati mwa nsalu kuti fungo lisalowe.

"Mukupita kuti usiku uno?" anafunsa a Pampu.

"Ndikukawabweza awa adakali moyo. Inu tsalani ndi mbozizo, ndizo ziweto zanu, mwazichotsera kale abusa."

Nsalu yoyera ija inalowa m'udzu, ndipo iye anatsala ataima pakati pa mizere yodontha, osadziwa kuti tochi ailozetse kuti.